Khadi lotenthedwa ndi khadi logona

Anthu awiri akhoza kufika kwa wokonza makompyuta ndi dandaulo limodzi. Gemu yomwe inkayenda bwinobwino mwezi watha tsopano ikudukizadukiza, chithunzi chikukwawa, mdani akukuwombera iwe usanatembenuke n'komwe. Onse awiri ayang'ana liwiro la graphics card yawo n'kupeza kuti nambala yake yatsika. Onse awiri anena kuti khadi lafooka. Komatu nthawi zambiri matenda awo amakhala osiyana kutalitali. Khadi la woyamba latenthedwa, ndipo likudzichepetsera lokha liwiro kuti lisapse. La wachiwiri ndi lozizira bwino, kungoti silinadzuke: gemu yayamba, koma ilo likuyendabe pa liwiro lomwe limapumulira kompyuta ikangokhala.

Chimene chimandikhudza n'chakuti anthu ambiri amapereka mankhwala a woyamba kwa wachiwiri. Amamasula khadi labwinobwino, n'kugula thermal paste yodula, ena mpaka kuthyola kachingwe ka fani, pomwe vuto linali loti likanatha ndi kuyambitsanso kompyuta. Enanso amakhalira kuchotsa ndi kubwezeretsa driver sabata yathunthu, khadi lawo likubanika ndi fumbi.

Tiyambe ndi liwirolo. Khadi lamakono lilibe liwiro limodzi lokhazikika. Kuyambira 2012, pomwe NVIDIA inatulutsa GTX 680 ndi njira yotchedwa GPU Boost, khadi limadzisankhira liwiro kamphindi kalikonse poona magetsi omwe likukoka. Chaka chotsatira anawonjezerapo kutentha kuti nakonso kuzikhala ndi mawu. AMD nayo ili ndi njira yake yofananako. Mwachitsanzo RTX 3060 ya 2021 inalembedwa kuti liwiro lake loyambira ndi 1,320 MHz ndipo lokwera ndi 1,777 MHz, koma ikakhala pozizira imatha kupitirira pamenepo n'kuyandikira 1,900 MHz. Gemu ikatsekedwa, khadi lomwelo limatsikira pa 210 MHz, mafani n'kuima. Makhadi a NVIDIA ali ndi magawo a ntchito: P0 ndi gawo la mphamvu zonse, P8 ndi lopumula. Choncho kukwera ndi kutsika kwa nambala pakokha si matenda. Nkhani yagona pa katsikidwe kake ndi nthawi yomwe ikutsikira.

Apa ndi pomwe makhadi awiri aja amasiyanirana, ndipo kusiyanaku kumaoneka ndi maso popanda kumasula sikuluwu ndi imodzi yomwe. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z, yopangidwa ndi TechPowerUp, ili ndi tsamba la Sensors lomwe limajambula mzere wa liwiro, wa kutentha, wa mafani ndi wa magetsi. MSI Afterburner imaonetsa nambala zomwezo pakona ya sikirini gemu ili mkati. Mukasewera mphindi makumi awiri kapena theka la ola n'kuyang'ana mizereyo, khadi limaulula lokha.

Khadi lotenthedwa limayamba bwino. Mphindi zoyambirira gemu imayenda mosalala chifukwa zitsulo zake zikadali zozizira. Kenako kutentha kumakwera, mafani n'kuyamba kulira, ndipo liwiro limatsika pang'onopang'ono ngati masitepe, pa makhadi a RTX sitepe iliyonse ndi 15 MHz. Makhadi ambiri a NVIDIA a mtundu wa GTX 10, RTX 20 ndi RTX 30 anawaikira malire a madigiri 83. Akafika pamenepo amachepetsa liwiro ndi mphamvu yamagetsi kuti asapitirire. Khadi logona silichita zonsezi. Mzere wake umakhala wowongoka, uli pansi, kuyambira sekondi yoyamba mpaka mutatseka gemu. Kutentha kumakhala kotsika, mafani mwina osazungulira n'komwe, ndipo nambala yake imakhala yodziwika kwa amene anazolowera: 139 MHz pa makhadi a GTX 10 monga GTX 1060, 300 MHz pa RTX 20 komanso pa RX 580 ya AMD, 210 MHz pa RTX 30. Pa makhadi a NVIDIA, Afterburner nthawi zambiri imaonetsa memory nayonso itakakamira pa 405 MHz. Woyendetsa minibasi aliyense amadziwa kusiyana kwa injini yomwe yayamba kuwira pokwera mtunda wautali ndi galimoto yomwe yakakamira mu giya yoyamba kuchokera pa depoti. Zonse zikuyenda pang'onopang'ono, koma imodzi inanyamuka ndi mphamvu zake ndipo inayo sinanyamuke nazo.

Kukula kwa vutolo kumasiyananso. Kutentha kwa masiku onse kumadya gawo lochepa chabe: khadi lomwe limayenda pa 1,900 MHz likatsikira pa 1,700 MHz, wosewera wina sazindikira n'komwe, wina amangoona kuti malo odzaza ndi utsi ndi moto akulemera. Koma kuchoka pa 1,800 kufika pa 210 ndi kutaya pafupifupi mphamvu zonse. Gemu ngati Cyberpunk 2077 imasanduka zithunzi zosinthana chimodzichimodzi, ndipo ngakhale GTA V, yomwe inafika pa kompyuta kale mu 2015, imakhala yosaseweredwa. N'chifukwa chake mwini khadi logona amachita mantha kwambiri kuposa mnzake, ngakhale kuti kawirikawiri vuto lake ndi lomwe silifuna ndalama.

Pa makhadi a NVIDIA, GPU-Z ili ndi mzere wina womwe ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse, wotchedwa PerfCap Reason. Umanena chomwe chikuletsa khadi kukwera panthawiyo. Ukalemba Thrm, ndiye kutentha. Ukalemba Pwr, khadi lafika pa malire a magetsi. VRel ndi yabwinobwino, imangotanthauza kuti khadi lafika pomwe voteji yake imalola. Ukalemba Idle pamene gemu ikuvutika, khadi likuganiza kuti palibe ntchito yomwe lapatsidwa. Mawu afupiafupi amenewa, kuwawerenga pamodzi ndi kutentha, amapulumutsa munthu ku ntchito ya masiku angapo.

Tsopano tilowe m'khadi lotenthedwa, chifukwa nalo lili ndi misampha yake. Nambala ya kutentha yomwe ambiri amayang'ana siinena zonse. Pali ina yotchedwa Hot Spot, yoonetsa malo otentha kwambiri pa chip. Amisiri amati kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 15 pakati pa ziwirizi n'kwabwinobwino, koma kukafika pa 25 kapena 30 ndiye kuti thermal paste yauma, yasunthira m'mbali, kapena chitsulo choziziritsa sichinakhale bwino. Motero khadi likhoza kuonetsa madigiri 72, mwini wake n'kumalumbira kuti silikutentha, pomwe kachigawo kena ka chip kadutsa kale 100. AMD inanena poyera mu 2019, itatulutsa RX 5700, kuti pa makhadi akewo malo otentha kwambiriwa amaloledwa kufika madigiri 110 liwiro lisanachepetsedwe. Palinso memory. Makhadi a RTX 3080 ndi RTX 3090 a 2020 anabwera ndi memory ya GDDR6X yomwe imatentha kwambiri, ndipo ikafika cha m'ma 110 khadi limabweza moto ngakhale chip yaikulu ili bwino. Pamenepo paste yatsopano siithandiza. Zofunika ndi timapadi tofewa tomwe timakhala pakati pa memory ndi chitsulo.

Nyengo imalowererapo. Fani siipanga kuzizira, imangokankha mpweya wa m'chipindamo, ndiye chipinda chikatentha ndi madigiri 10, chip nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi. Khadi lomwe linali chete m'mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu likhoza kuyamba kudandaula mu October, ndipo wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe kutentha kumadutsa madigiri 40, ali pa nkhondo ina. Onjezanipo fumbi la chilimwe lomwe limamatirira pakati pa timasamba ta chitsulo mpaka kukhala ngati bulangeti. Vuto lobwera ndi nyengo, lokula masana n'kuchepa usiku, lotha mukachotsa chivindikiro cha m'mbali cha kompyuta, ndi la kutentha basi. Khadi logona silidziwa kalendala: m'chisanu ndi m'chilimwe, usana ndi usiku, nambala ndi yomweyo.

Nanga n'chiyani chimagoneka khadi? Zifukwa zake n'zambiri kuposa za kutentha, ndipo sizili malo amodzi. Chofala ndi driver yomwe inagwa n'kudzuka mopunduka. Windows ikaona kuti khadi lakhala masekondi awiri osayankha, imayambitsanso driver. Sikirini imada kamphindi, zinthu n'kubwerera. Nthawi zina khadi likabwerera choncho limakhalabe pa gawo lotsika mpaka kompyuta itayambitsidwanso. Pano pali kanthu komwe ambiri sakudziwa. Pa Windows 10 ndi 11, ngati Fast Startup ndi yoyatsa, kudina Shut down kumasunga mbali ya momwe dongosolo linalili, kuphatikizapo ma driver, n'kuibwezeretsa mukayatsanso. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Munthu akhoza kuzimitsa kompyuta usiku uliwonse koma vuto n'kumadzuka nalo m'mawa uliwonse.

Zikakanika pamenepo, pali DDU, pulogalamu yochotsa driver yonse mpaka zotsalira zake, yomwe imagwira bwino mu Safe Mode, kenako n'kuika driver yatsopano yochokera kwa opanga khadi. Ngati vuto linayamba tsiku lomwe driver inasinthidwa, kubwerera ku yakale n'kwanzeru. Ndi bwinonso kukayikira Afterburner yomwe. Munthu amatha kutsitsa Power Limit tsiku lina pongoyesa, n'kusiya pulogalamuyo kuti izikhazikitsa zomwezo kompyuta ikamayaka, kenako n'kuiwala. Batani la Reset limachiza zimenezi m'kanthawi kochepa. Mu NVIDIA Control Panel mulinso Power management mode. Kuiika pa Prefer maximum performance kumathandiza magemu ena, makamaka akale, omwe sadzutsa khadi mokwanira.

Chifukwa china n'chosavuta kuchiphonya: gemu siikugwiritsa ntchito khadilo n'komwe. Pa kompyuta ya patebulo, chingwe cha HDMI chikalowetsedwa pa motherboard m'malo mwa pa khadi, ntchito imatha kugwera pa graphics yaing'ono ya m'purosesa, khadi lalikulu lili phee. Pa laputopu, njira ya Optimus, yomwe NVIDIA inayambitsa mu 2010, imasinthana pakati pa graphics ziwirizi pofuna kusunga batire, ndipo nthawi zina imasankha molakwika. Mu Windows, pa Settings, Display, kenako Graphics, mukhoza kuuza gemu iliyonse khadi loti igwiritse ntchito.

Laputopu ili ndi nkhani yakeyake, ndipo kuno kwathu imatikhudza kwambiri. Batire silingapereke magetsi ochuluka ngati a pakhoma, ndiye magetsi akangozima liwiro la khadi limagwa nthawi yomweyo, ndipo makina ena amatsekera gemu pa zithunzi 30 pa sekondi. Limeneli si vuto, anaipanga choncho. Vuto limabwera ndi tchaja. Laputopu ya magemu yomwe inabwera ndi tchaja ya mawati 180 kapena 230 ikapatsidwa ya mawati 65 yogula pamsika, imayaka bwinobwino, mwina n'kumatchaja pang'onopang'ono, koma khadi limamangidwa miyendo. Malaputopu ena amazindikira tchaja yawo kudzera pa kawaya kakang'ono ka pakati pa pulagi. Kakathyoka, ngakhale tchaja yeniyeni imaoneka yachilendo ndipo makina amakana kupereka mphamvu zonse. Pa kompyuta ya patebulo zinthu zimayenda mosiyana. Anthu amakonda kuloza chala magetsi ofooka a m'nyumba, koma power supply ikalephera, chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuzima kapena kuyambiranso kwa kompyuta yonse, osati kutsika kwa liwiro mwakachetechete.

Mawaya ake ndi oyenera kuwayang'anabe. Polowetsa khadi pa motherboard pamapereka mawati 75, pulagi ya mapini 6 imawonjezera 75, ya mapini 8 imawonjezera 150. RTX 3060 imafuna mawati 170, RX 580 imafuna 185, choncho popanda pulagi yokhazikika bwino sizingagwire ntchito yake. Timawaya tosinthira kuchoka pa SATA kupita pa mapini 6 kapena 8 ndimatiopa, chifukwa pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 okha pa 12 V, ndipo ikakakamizidwa imatentha mpaka kusungunuka.

Ndisaiwale kagulu kachitatu, ka anthu omwe khadi lawo silikudwala konse. Mukatsekera gemu pa zithunzi 60 pa sekondi, kapena mukamasewera gemu yopepuka ngati Valorant, khadi lamphamvu silifunika kuthamanga. Limatsitsa liwiro chifukwa ntchito ndi yochepa. N'chimodzimodzinso purosesa ikakhala yakale moti siikutha kulipatsa khadi ntchito yokwanira. Chizindikiro chake ndi GPU Load yotsika ndi liwiro lokwera n'kutsika motsatira zomwe zili pa sikirini. Kwezani resolution ndi maonekedwe a gemu. Liwiro likakwera nawo, khadi lanu lili moyo.

Kunena zoona, malire a pakati pa makhadi awiri aja sakhala oyera nthawi zonse. Fani ikafa, kapena laputopu ikabanika kwambiri, kutentha kumadutsa madigiri 90 ndipo chitetezo cha mwadzidzidzi chimadula liwiro ndi theka kapena kuposerapo, nthawi zina mpaka kufika pa nambala yopumulira ija. Mukangoyang'ana panthawi imeneyo mungaganize kuti ndi khadi logona. Chomwe chimalekanitsa ndi mbiri ya mzerewo. Lotenthedwa limagwa patapita nthawi, likazizira pang'ono n'kudzambatuka, kenako n'kugwanso, mzere wake n'kuoneka ngati mano. Chifukwa cha ichi ndimalimbikitsa kugwiritsa ntchito Log to file ya mu GPU-Z kusiyana ndi kungosuzumira kamodzi. Pwr nayo iyenera kuwerengedwa mosamala. Khadi likakhala pa 1,800 MHz, likukoka mawati ake onse, Pwr ndi chizindikiro chakuti likugwira ntchito mokwanira. Pwr yomweyo pa 210 MHz, khadi lili lozizira, ndi uthenga woipa.

Tikayerekeza mankhwala ake, kusiyana kumakhala pa mtengo ndi pa chiopsezo. Pafupifupi zonse zodzutsira khadi logona ndi zaulere ndipo zimabwezeka: Restart, Reset, kusuntha chingwe, kusintha driver. Mukalakwitsa, mwangotaya ola limodzi. Zoziziritsa khadi zimayamba mofewa, kupemerera fumbi mutagwira fani kuti isazungulire mopitirira, kuchotsa kompyuta pansi kapena m'kabati, kukweza liwiro la mafani. Palinso kuchepetsa voteji mu Afterburner, njira yomwe ndimaikonda chifukwa khadi limazizira, phokoso n'kuchepa, liwiro osataya kwenikweni. Koma mukafika pomasula, mwalowa m'dera lina. Chip ya graphics card ilibe chivindikiro chachitsulo ngati cha purosesa. Kumanga masikuluwu mopendekeka kukhoza kuibenthula. Timapadi ta memory timabwera mokhuthala mosiyanasiyana, 0.5, 1, 1.5 kapena 2 mm, ndipo mukaika tokhuthala kwambiri chitsulo chimanyamuka pa chip, kutentha n'kuipiraipira. Ngati khadi likadali ndi chitsimikizo cha wogulitsa, kulimasula kukhoza kubweretsa mkangano polibweza. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti sikuluwudiraiva iyenera kudikira mpaka mizere itanena momveka kuti vuto ndi kutentha.

Komabe pa mapeto a misewu iwiriyi zinthu zimatembenuka. Khadi lotenthedwa, ngakhale lifune manja aluso, limachira pafupifupi nthawi zonse, chifukwa fumbi, paste, mapadi ndi fani ndi zinthu zosinthika. Khadi logona lomwe lakana zonse zaulere zija nthawi zambiri limakhala ndi bala m'kati. Pa bolodi lake pali timagawo ting'onoting'ono toyeza magetsi olowa. Tikawonongeka, khadi limakhulupirira kuti likukoka magetsi opitirira malire pomwe silikukoka kanthu, ndiye limadzimanga pansi. Mu GPU-Z mumaona nambala za magetsi zosamveka, zokwera kwambiri khadi lili chikhalire. Apa driver iliyonse ndi yopanda ntchito. Pamafunika mmisiri wodziwa kuyeza ndi kuwotcherera timagawo ta pa bolodi, ndipo amisiri otere sapezeka paliponse.

Izi zimafunika kwambiri pogula khadi logwiritsidwapo kale ntchito, monga momwe ambiri a ife timagulira. Ndalama ya pa intaneti ya Ethereum itasiya kukumbidwa ndi ma graphics card mu September 2022, makhadi ambiri omwe ankagwira ntchito usana ndi usiku anathiridwa pamsika, makamaka RX 570, RX 580 ndi a RTX 30. Ena mwa a RX amenewa anasinthidwa BIOS kuti azikoka magetsi ochepa, liwiro la chip litatsitsidwa, memory itakwezedwa. Khadi lotere limayenda pansi pa 1,340 MHz yomwe RX 580 inalembedwa, lili lozizira, ndipo limabwerera mwakale mukalibwezera BIOS yoyenera mtundu wake weniweni, kapena mukasuntha kaswitchi pa makhadi omwe ali ndi BIOS ziwiri. Kulemba BIOS yolakwika kukhoza kulipha, choncho yambani mwasunga yakaleyo.

Ndiye wogulitsa akakuikirani makhadi awiri patebulo, pemphani kuti lililonse liyende theka la ola mu gemu yolemera, GPU-Z ili yotsegula. Lomwe layamba mwamphamvu, n'kufika madigiri 83, n'kumatsika masitepe, ine ndingaligule, nditanenerera mtengo kuti utsike ndi ndalama ya paste, mapadi ndi mmisiri. Lomwe lakhala pa 210 MHz lili lozizira ndingapemphe kuliyesa pa kompyuta ina ya driver yoyera ndi power supply yodalirika. Likadzuka kumeneko, vuto linali la kompyuta ya wogulitsayo ndipo khadilo ndi labwino. Likakhalabe pansi, Pwr ikuonekera, ndingalisiye pomwepo ngakhale mtengo wake utatsika ndi theka.